Ndinakhala Chete Ayisha Akutchedwa Mfiti

1

Dzina langa ndine Ophelia, koma kuno ku Balaka amandidziwa kuti amake Kumbu. Nkhani iyi yakhala itandiima pakhosi miyezi isanu ndi itatu. Amuna anga sakudziwa kuti ndailemba.

Linali Lachiwiri, mwezi wa Okutobala, malata akulira ndi dzuwa. Kumbu, mwana wanga wa miyezi isanu ndi inayi, anali atatsokomola sabata ziwiri. Apongozi anga, amayi awo a amuna anga a Yotamu, anabwera kuchokera kwa Kawinga kudzamuona mdzukulu. Mayi amenewa sadziwa kukhala pansi. Atangomwa madzi anatenga tsache lalitali n'kulowa kuchipinda kwathu.

"Mwana angachire bwanji pansi pa akangaude onsewa?" anatero.

Ine ndinali pakhonde, ndikuchapa matewera. Ndinamva kanthu kakugwa pasimenti, kenako zii. Tsache linasiya kulira.

"Amake Kumbu! Tabwerani kuno."

Ndinawapeza ataima pafupi ndi kabedi ka mwana, dzanja lili pakamwa. Pansi panali kansalu kobiriwira katamasuka, ndipo pambali pake panali kachitsulo konga chipolopolo, kochepa ngati nsonga ya chala. M'mbali mwake munali timabowo toonetsa thonje lodetsedwa. Apongozi anakatembenuza ndi kamtengo. M'kati munali kawaya kozengezedwa bwinobwino.

"Kanali pamwamba pa khoma, pansi penipeni pa malata," anatero monong'ona. "Molunjika mutu wa mwana."

Anawerama n'kununkhiza.

"Kachasu. Ndi china chake chotsekemera. Mukukadziwa kanthu aka?"

Ndinkakadziwa.

"Iyayi, amayi."

Anatola kansalu kaja n'kukayang'anitsitsa, kenako anasuzumira pawindo. Pachingwe panja panali deresi lobiriwira, la maluwa omwewo, likuuma.

"Eee," anatero apongozi. "Ndimadziwa ine."

2

Deresilo linali la Ayisha, mkazi wa mlamu wanga Feston. Feston ndi mng'ono wawo wa a Yotamu, amayendetsa njinga yamoto ya kabaza. Tinkakhala nyumba imodzi ya mbali ziwiri, bwalo limodzi, chingwe chimodzi choyanikapo zovala.

Ayisha kwawo ndi ku Chiuta, kubanja la Chisilamu. Ukwati wake ndi Feston sunakondweretse mbali iliyonse, ndipo patatha zaka zitatu analibe mwana. Ankasoka pamashini pakhonde pake. Kumbu ankamubereka kuposa ine mayi wake. Mwana akangomva kulira kwa mashini ankayamba kudumpha m'manja mwanga kuti ndimupititse.

Amuna aja atabwera cha m'ma folo koloko, apongozi anatisonkhanitsa pakhonde. Kachitsulo kaja anakaika m'mbale yadothi, atawaza mchere mozungulira.

A Yotamu ndi mphunzitsi, komanso mlembi wa mpingo wathu. Anakayang'ana mosakakhudza.

"Amayi, mwina ndi kachipangizo ka wailesi kapena ka foni."

"Wailesi yakumwa kachasu unaionapo kuti?" anayankha apongozi. "Sukulu yako isiye kusukulu."

Feston ananyamula kansalu kaja.

"Ayisha, nsalu iyi ndi yako?"

"Ndi yanga. Zidutswa zimagwa pansi pa mashini tsiku lililonse. Aliyense akhoza kutola."

"Nanga kuchipinda kwa achimwene amalowako ndani kupatula eni ake?"

"Ndimalowako ine, pokamugoneka Kumbu."

"Mwamva?" anatero apongozi. "Mimba yako yakana, ndiye ukufuna kukolola za mnzako? Kwanu kunyanja kuja asodzi amamangirira zoterezi ku maukonde, usatipusitse."

"Walahi, amayi, mwana uyu ndimamukonda ngati wanga."

"N'chimenecho. Ngati wako."

Ayisha anatembenuka n'kundiyang'ana. Anangondiyang'ana nthawi yaitali, ine n'kuweramira Kumbu ngati ndikumukonza malaya.

Anagwirizana kuti ankhoswe a mbali zonse abwere Loweruka m'mawa. Ngati Ayisha alephera kufotokoza, apite kwawo. Kufikira tsikulo, asakhudze mwana.

Feston sananene kanthu komuikira kumbuyo. Anangoti, "Tiona Loweruka."

3

Ku Balaka nkhani siyenda pansi. Lachitatu m'mawa mayi Modester, oyandikana nafe, anabwera kwa Ayisha kudzatenga nsalu yawo isanasokedwe.

"Ndasintha maganizo, ndivala chitenje basi," anatero, maso ali kumbali.

Pofika masana anali atabwera makasitomala anayi kudzatenga nsalu zawo. Mashini anakhala chete. Kumbu ankakwawira kukhonde la Ayisha, apongozi n'kumubweza pomukoka mwendo, mwana n'kulira mpaka kutsamwa ndi chifuwa.

Tsiku lomwelo ndinapita naye kuchipatala. Dokotala anamvetsera pachifuwa, kutsogolo ndi kumbuyo.

"Mumaphikira m'nyumba?"

"Iyayi, panja."

"Alipo amene amasuta pakhomo?"

"Iyayi."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, kenako analemba mankhwala. Anati m'chifuwa mwa mwana muli matenda, amwe mankhwalawo masiku asanu, ndipo asayandikire utsi wa mtundu uliwonse.

Mankhwala anagwira msanga. Lachinayi madzulo Kumbu anadya phala mbale yonse, n'kuyamba kusewera ndi supuni. Ndinaganiza kuti mwana akachira nkhani izizira yokha. Ndinalakwitsa.

"Mwaona?" anatero apongozi mokweza, kuti mawu adutse khoma. "Tachotsa chithumwa Lachiwiri, lero mwana wadzuka. Mukufunanso umboni wanji?"

Ngakhale a Yotamu anagwedeza mutu. Kuchira kwa mwana wanga ndi kumene kunamumaliza Ayisha.

4

Tsopano ndikuuzeni chimene ndinabisira aliyense.

Kachitsulo kaja dzina lake ndi koyilo. Kamakhala m'kati mwa vepu, fodya wamagetsi uja achinyamata akumakoka masiku ano. Ukadina batani, kawaya kamatentha, thonje lonyowa ndi timadzi tonunkhira n'kutulutsa nthunzi. Vepuyo inali yanga.

Nditabereka Kumbu ndinagwidwa ndi mantha amene sindikanatha kuuza munthu. Ndinkangoona ngati mwana asiya kupuma. Ndinkaika chala pamphuno pake mwina kakhumi pa ola. Manja ankanjenjemera, mtima unkathamanga popanda wouthamangitsa. Nditawauza a Yotamu anati tipemphere. Tinapemphera, mantha osachoka.

Tsiku lina kumsika ndinakumana ndi Triza, mnzanga wa kusekondale, atangobwera kuchokera ku Joni. Anandiyang'ana kamodzi n'kunena kuti, "Ophe, iwe sukugona." Tinakhala kuseri kwa shopu ya mchimwene wake, ndinalira, iye n'kutulutsa kanthu konga cholembera chonenepa.

"Koka kawiri. Si fodya weniweni, ndi nthunzi ya mango chabe."

Ndinakoka. Mapewa anga anatsika koyamba pa miyezi itatu. Pochoka anandipatsa vepuyo, timabotolo tiwiri ta timadzi take, ndi koyilo imodzi yapadera. Nditawerenga pa botolo kunyumba ndinaona kuti muli nikotini, yemweyo wa mu fodya. Ndinawerenga, ndinamvetsa, ndinapitiriza.

Vuto la koyilo ndi loti imada. Pakatha sabata ziwiri thonje limachita bii, kawaya kamamata zakuda, ndipo ukakoka umamva ngati ukumeza chiguduli chopserera. Ena amangotaya n'kugula ina. Ine ndikanakagula kuti? Mkazi wa mlembi wa mpingo kukaima pa shopu ya anyamata n'kufunsa koyilo? Triza asanabwerere ku Joni anandiphunzitsa kutsuka, ndipo ndinkasinthanitsa ziwirizo.

Ndinkadikira a Yotamu apite kusukulu. Ndinkamasula tanki ya timadzi tija, kuchotsa koyilo, n'kuiviika m'kapu ya madzi ofunda, kuigwedeza mpaka madzi asanduke ngati tiyi. Kutaya, kuthira ena, katatu. Kenako ndinkaiviika mu kachasu pang'ono, amene ndinagula ponama kuti ndi wotsukira bala, kuti asungunule zomata zija. Ikakhalamo maola awiri ndinkaitsukuluzanso n'kuipemerera kuti madzi atuluke m'timabowo. Chovuta chinali kuumitsa. Koyilo yonyowa imalavula madzi otentha pa lilime, ndiye imafunika tsiku lathunthu pamalo ofunda. Padzuwa sindikanayanika. M'nyumba monse malo otentha amene munthu sayang'anako anali amodzi: pamwamba pa khoma, pansi pa malata.

Lolemba, dzulo lake la Lachiwiri lija, ndinasowa pokulungira. Ndinatola kachidutswa pansi pa mashini a Ayisha.

Ndipo pamene dokotala ankafunsa za utsi, ndinkadziwa kuti masana ambiri ndinkakoka vepu kuchipinda, chitseko ndi windo zili zotseka kuti fungo lisatuluke, Kumbu akugona pomwepo.

5

Lachisanu masana apongozi anapita kumsika. Ndinabereka Kumbu n'kugogoda kwa Ayisha. Ndinamupeza akupinda zovala n'kumaika m'chikwama chachikulu cha mizeremizere. Mashini anali atawamasula kale miyendo.

"Mwabwera ndi mwana? Akuonani," anatero.

"Asisi, mukulongedzeranji? Ankhoswe sanakambe."

"Akamba chiyani chimene sichinakambidwe?"

Ndinakhala pa mpando. Ndinali nditakonza mawu oti mwina ndiwapemphe a Yotamu kuti nkhaniyi ithe mwakachetechete. Ndisanayambe, Ayisha anati:

"Ija ya mango inatha? Masiku ano simukununkhira."

Ndinatsitsa mawu.

"Mukuti chiyani?"

"Achemwali, khoma ili silifika kumalata. Chilichonse cha kwanu chimadutsa. Mwezi wa Ogasiti ndinabwera kudzabwereka sefa, ndinakupezani kuseri mukugwedeza kachitsulo m'kapu ya Kumbu. Simunandione. Ndinabwerera."

"Ndiye mwakhala mukudziwa? Lachiwiri lija munkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Bwanji simunanene?"

Anaseka, koma osati kuseka kwenikweni.

"Ndinene kuti chiyani? Kuti mayi a kuchigwirizano cha amayi kumpingo, akazi a mlembi, amasuta? Pakati pa inu ndi ine wa kunyanja wosabereka, akanamvera ndani? Akanati mfiti yayamba kunamizira." Anapinda chitenje china. "Komanso ndimafuna ndione zinthu ziwiri. Ngati inu mutsegule pakamwa, ndi ngati Feston anene kuti mkazi wanga sangachite zimenezo. Masiku anayi tsopano."

Kumbu anatambasula manja kumsana kwanga, akumulirira. Ayisha anabisa manja ake kumbuyo.

"Pitani naye," anatero. "Ndaletsedwa."

6

Loweruka m'mawa anayala mikeka pabwalo. Kumbali ya Feston kunabwera a Hilary, amalume awo. Kumbali ya Ayisha kunabwera amalume ake ochokera ku Chiuta, bambo aatali ovala kofiya, amene anakana tiyi. Mbale ija inaikidwa pakati. Ana a oyandikana nafe anali ataunjikana kumpanda.

A Hilary anayamba ndi pemphero, kenako anafotokoza mlandu. Apongozi anawonjezera zawo. Atafunsidwa, Feston anati, akuyang'ana pansi:

"Ine zandikulira. Mwina apite kaye kwawo, mitima izizire."

Amalume a Ayisha anatembenukira kwa mwana wa mlongo wawo.

"Uli ndi mawu?"

"Ndilibe," anatero Ayisha.

Sindikudziwa kuti ndinaimirira bwanji. Ndinangopezeka ndapereka Kumbu kwa a Yotamu, ndalowa m'nyumba. Vepu ndinkaibisa m'katoni ya makope anga akale a Folomu 4. Ndinatuluka nayo pamodzi ndi kabotolo, n'kugwada pafupi ndi mbale.

"Musakhudze!" anakuwa apongozi.

Ndinatola koyilo ija, n'kuipemerera kuchotsa mchere.

"Kanthu aka ndi kanga," ndinatero. "Ndinakatsuka ndine, ndinakakulunga ndine, ndinakaika pakhoma ndine. Si chithumwa."

"Wamulodza," anatero apongozi. "Mwaona? Wamulodza kuti amuyankhulire."

Ndinadziwa kuti mawu okha sakwanira. Ndinamasula tanki n'kuchotsa koyilo inzake imene inalimo. Ndinadontheza timadzi pa thonje, bowo lililonse dontho limodzi. Ndinalowetsa koyilo m'malo mwake. Inalowa bwinobwino, ngati kiyi pa loko wake. Ndinadzaza tanki n'kutseka.

Kenako ndinangokhala.

"Tsopano?" anafunsa a Hilary.

"Tidikire mphindi zisanu, thonje limwe. Mukafulumira limapserera."

Mphindi zisanu zimenezo sindidzaziiwala. Palibe anatsokomola. A Yotamu ankandiyang'ana ngati mlendo amene wasochera pakhomo pawo. Ndinkamva nkhuku zikupalasa kuseri, ndi njinga zikudutsa pamsewu. Ndinali nditagwada pamaso pa apongozi anga, ndikudikira fodya.

Nthawi itakwana ndinadina batani n'kukoka. Nthunzi yoyera inatuluka m'kamwa ndi m'mphuno mwanga, fungo la mango n'kudzaza bwalo lonse. Kumpanda ana anakuwa, "Akusuta! Amake Kumbu akusuta!"

Apongozi anakhala pansi pang'onopang'ono.

"Fungo ili," anatero. "Bulangete la mwana limanunkha chonchi."

"Eya, amayi."

A Yotamu anafunsa motsitsa mawu, ndipo kukanakhala bwino akanakalipa.

"Kuchipatala unawauza?"

"Iyayi."

"Lachiwiri lija, mayi akumunyoza mlamu wanga, unkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

Anaimirira ndi mwana n'kulowa m'nyumba.

A Hilary anakonza pakhosi. Anati zikomo kuti choona chaoneka, mlandu palibe, banja lipitirire. Feston anasendera kwa mkazi wake akumwetulira mwamanyazi.

"Ayisha, pepa. Ndi satana ameneyu. Kamasule katundu."

"Katundu ndamanga bwino, samasulidwa," anatero Ayisha.

"Koma wamva wekha, nkhani yatha."

"Yatha chifukwa achemwali asuta pagulu. Akanapanda kusuta, bwenzi pano ukundikweza minibasi. Zaka zitatu ndagona pambali pako, Feston. Umafunika utsi kuti udziwe kuti sindingaphe mwana?"

Apongozi anayesa kulankhula. "Mwana wanga, munthu amalakwitsa..."

"Lero ndakhala mwana wanu?"

Amalume ake anaimirira, n'kukung'untha kofiya.

"Tabwera kudzatenga mfiti," anatero. "Tibwerera ndi mwana wathu. Mutithandize kunyamula mashini."

Asanatuluke pageti, Ayisha analowa m'nyumba mwathu osagogoda. Anamutenga Kumbu m'manja mwa a Yotamu, anamufungatira kanthawi, akumununkhiza m'khosi, kenako anamubweza. Ine anandidutsa ndili chigwadire pamkeka.

"Mwachedwa, achemwali," anatero. "Koma mwanena."

7

Ayisha sanabwerere. Feston anapitako kawiri ku Chiuta ndi a Hilary, kawiri konse anabwera okha. Ndimamva kuti akusoka pamsika wa nsomba kumeneko, ndipo makasitomala ndi ambiri. Feston anasamuka, ndipo tikakumana pamsewu amandipatsa moni ngati wokwera njinga wamba.

Kumpingo anandiimitsa kuchigwirizano miyezi isanu ndi umodzi. Zimenezo sizinandipweteke kwambiri. A Yotamu sanandithamangitse, koma mpaka lero akabwera kuntchito amayamba anunkhiza mwana asanandipatse moni. Amaganiza kuti sindiona.

Lolemba lotsatira ndinabwerera kuchipatala n'kumuuza dokotala zoona. Sananene kuti nthunzi ija ndiyo inadwalitsa Kumbu, sananenenso kuti siyo. Anandifunsa chifukwa chimene ndinayambira. Nditafotokoza za mantha aja anati ndi matenda odziwika mwa amayi ongobereka kumene, ndipo thandizo lake lilipo. Linalipo nthawi yonseyi, makilomita awiri kuchokera pakhomo panga. Kusiya vepu kunanditengera miyezi itatu ya mutu ndi ukali, ndipo kawiri ndinabwererako.

Owerenga anzanga, makamaka inu amayi a ana aang'ono, sindinalembe kuti mundimvere chisoni. Ena mudzati ndinalimba mtima Loweruka lija. Iyayi. Kulimba mtima kukanakhala Lachiwiri, pamene mawu atatu okha, "ndi kanga, amayi", akanandichititsa manyazi a tsiku limodzi, mnzanga n'kukhalabe pabanja pake. Ndinkadziuza kuti sindinanamizire munthu, kuti pakamwa panga sipanatuluke dzina la Ayisha. N'zoona. Ndinangokhala pamenepo, mwana ali pamiyendo, ena akundigwirira ntchitoyo.

Ngati pali chimene mukubisa ndipo wina wayamba kulipira m'malo mwanu, musawerenge masiku ngati mmene ndinachitira ine. Ndinamulembera Ayisha mauthenga asanu ndi awiri. Anayankha umodzi wokha, mwezi watha. Sanatchule za ine. Anangofunsa ngati Kumbu wayamba kuyenda.